Fodya wa Atsibweni M'balani ya Eni

Chiyamiko adaimika njinga yamoto pansi pa mtengo wa mango kwa a Levison, n'kuyamba kumasula sikelo yake. Anthu a ku Njombwa adali atamuzolowera. Ankamutcha Dokotala wa Nkhuni, ena mwaulemu, ena pofuna kumuseka, koma iye sankadandaula. Udokotalawo udali pafupi, ndipo nkhunizo n'zimene zinkamufikitsako.

Ankaphunzira digiri yomaliza, ya udokotala, m'nthambi ya yunivesite yofufuza za mphamvu. Anzake adathamangira magetsi a dzuwa. Iye adabwerera kwawo kudzalimbana ndi balani, nyumba yowotchera fodya wa fuluu, imene idamaliza mitengo ya ku Kasungu ngati chiswe. Adapanga ng'anjo yakeyake, yaing'ono pakamwa, yodya nkhuni pang'ono. Chomwe chidatsala n'kusonyeza ndi manambala kuti sikudali kudzitama chabe.

Malamulo a sukuluyo sankanyengerera munthu. Makomo a alimi asachepere makumi awiri. Theka lilandire ng'anjo yatsopano, theka lipitirize ndi yakale, ndipo osankha akhale maere, osati nkhope. Aliyense awotche fodya wake m'balani yake, kuti poyerekeza pasakhale chisokonezo. Khomo losakaniza lichotsedwe, ndipo wophunzira akanene yekha kwa aphunzitsi ake. Makomo akaperewera, palibe kulemba buku lomaliza, munthu adikire fodya wa chaka chamawa. Chiyamiko adali ndi makomo makumi awiri ndendende, opanda lapadera, ndipo nyengo yowotcha idali kumapeto.

Maere aja adamuchita chipongwe. Atsibweni ake a Simeon, mlongo wa malemu mayi ake, amene adamulera n'kumuphunzitsa ndi fodya yemweyo, adagwera ku gulu la ng'anjo zakale. Tsiku limenelo adangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mwini ng'ombe ndizimwa tiyi wopanda mkaka." Komabe adavomera.

M'mawa umenewu a Levison, amene maere adawapatsa ng'anjo yatsopano, adamulonjera Chiyamiko motalika kuposa masiku onse. Adafunsa za ulendo, za mafuta a njinga, za aphunzitsi ake amene sadawaonepo n'kamodzi komwe. Munthu akachulutsa moni chonchi, pali chimene wakhalira. Chiyamiko adayankha zonse mwaulemu, kenaka adawerama n'kulowa m'balani, momwe fodya adali atapachikidwa koma moto usanayatsidwe.

Adayang'ana m'mwamba, pa mikangala yopachikirapo masamba. A Levison amasoka fodya ndi ulusi wogula ku Santhe, ndipo mizere yapamwamba idali yoteroyo. Koma m'mizere yam'munsi masamba adamangidwa ndi luzi la thumba la feteleza, lopota kawiri n'kupinda kunsonga. Kamangidwe kameneko Chiyamiko adakaphunzira asanayambe n'sukulu yomwe, atakhala pambali pa atsibweni ake. Adatuluka pang'onopang'ono.

"A Levison, fodya uyu ndi wanu yense?"

"Ali m'balani yanga, ndiye angakhale wa yani?"

"Sindinafunse za balani, bambo."

Kuseri kwa khoma kudamveka kutsokomola. A Simeon adatulukira, chipewa chili m'manja. "Usawavutitse a Levison, mwanawe. Wam'munsiyo ndi wanga. Mvula ya dzana ija yagwetsa khoma la balani yanga, mapaipi onse aphwanyika. Fodya ndinali nditathyola kale. Iwe ukudziwa kuti wothyola sadikira munthu."

"Mnzako akapsa ndevu mzimire," adatero a Levison. "Malo analipo. Ine ndikanangoonerera fodya wa mnzanga akuola?"

Chiyamiko adakwiya, koma adasowa womukwiyira. Anthu awiriwa sadalakwire aliyense wa ku Njombwa. Masamba amenewo ndiwo adali chakudya cha atsibweni ake, feteleza wao, ndi malata amene ankalota kuyambira kale. Akadakhala iye mwini balani, akadachitanso chimodzimodzi. Koma malamulo adalembedwa ndi anthu osadziwa a Levison, ndipo kwa anthu amenewo makomo awiri adali atasakaniza.

A Levison adasendera pafupi, natsitsa mawu. "Amayi, nkhani yake ndi yaing'ono. Mungolemba kuti yense ndi wanga. Kwa a Simeon mulembe monga munalembera ulendo wathawu. Ng'anjo yanu ionekanso yamphamvu: fodya wambiri, nkhuni zomwezo. Ndani angachoke ku tauni kudzanunkhiza masamba kuno?"

"Akunena zoona," adawonjezera a Simeon. "Ine jekete ndagula kale kwa a Lajabu ku Santhe, la tsiku lako lovala mkanjo wa digiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Usataye chaka chifukwa cha khoma langa."

Tisanamizane, Chiyamiko adaufuna mkanjowo. Adaufuna kwambiri. Adali atatopa ndi fumbi la m'misewu ya Njombwa, atatopa ndi funso la azakhali ake loti kodi sukulu yakeyi ilibe mathero. Anzake onse akalowa m'holo chaka chino, iye n'kumayezabe nkhuni. Ndipo a Levison sadaname, palibe akadadziwa.

Adayang'ana mulu wa nkhuni umene udali pambali pa ng'anjo, waung'ono moti mlimi wakale akadauseka. Ng'anjoyo ikadzavomerezedwa, alimi adzaimanga podalira manambala ake. Wina ku Kapelula, munthu wosamudziwa n'komwe, adzasonkha nkhuni molingana ndi zimene Dokotala adalemba. Manambalawo akadzakhala onenepetsa, nkhuni zidzamuthera fodya ali pakati, masamba n'kuda onse. Komanso panali china, chimene chidamuwongola msana: ng'anjo yake ankaidziwa. Adaiumba yekha, adapsa nayo zala. Sinkafuna bodza loti liikankhe.

Adatulutsa foni. Pakhomopo netiweki imagwira pachulu pokha, ndiye adakwera pachulupo amuna awiriwo akumuyang'ana. Pulofesa Nthanda, mayi amene ankayang'anira kafukufuku wake, adayankha msanga. Chiyamiko adafotokoza zonse, osachotsera, osawonjezera, ndipo sadatsitse mawu.

"Makomo angati akhudzidwa?" adafunsa apulofesa.

"Awiri. Limodzi ndi la atsibweni anga aja."

"Ukudziwa tanthauzo lake, Chiyamiko? Komiti siingalole makomo operewera. Ine ndilibe mphamvu yosintha zimenezo."

"Ndikudziwa, apulofesa. Ndibwereza nyengo yamawa. Ulendo uno ndipeza makomo apadera."

Apulofesa adati, "Chabwino. Nditumizire lipoti, ndikakuimira ku komiti. Za khoma logwalo ulembemonso, usaziphonye."

Atatsika pachulu, adapeza atsibweni ake atakhala pachitsa, maso ali pansi. Munthu wamkulu uja, woti pamaliro amalankhula anthu n'kukhala chete, adaoneka wochepa. Chiyamiko adamva chisoni kuposa chimene adamva ndi mkanjo uja.

"Ndakuonongera chaka, mwanawe," adatero a Simeon.

"Chaka chaonongedwa ndi mvula, atsibweni. Walira mvula walira matope, ndipo mvulayo tinailira tonse. Jeketelo lisungeni bwino, njenjete zisalilawe. Mudzalivala, za zimenezo musakayike."

"Nanga ng'anjoyi mundilanda?" adafunsa a Levison, amene nkhawa yao idali itasamukira kwina.

"Ng'anjo ndi yanu, bambo. Kungoti inu awiri simulinso m'kafukufuku kuyambira lero. Fodya wina watsala kuti?"

A Levison adaloza kuseri, kumene adabisa ngolo atamva kulira kwa njinga yamoto. Mikangala ya fodya wa a Simeon idali itasanjikizana m'ngolomo, masamba apamwamba atayamba kale kufota ndi dzuwa. Chiyamiko adabweza sikelo panjinga, adavula nsapato, n'kumanga chitenje m'chiuno.

"Iwe ukufuna kutani?" adafunsa a Simeon.

"Makomo a m'kafukufuku sindiloledwa kuwagwirira ntchito, ndimangoyeza n'kulemba. Koma inu tsopano ndinu atsibweni anga basi. Tiyeni, fodya akupsa ndi dzuwa."

Adalowa m'balani n'kukwera pa mitanda monga ankachitira ali mtsikana, phazi uku, phazi uko, mpaka adapeza mpata wotsala. Adatambasula dzanja kuloza pansi. A Simeon adaima pakhomo, mkangala uli m'manja.

Adamupatsira mkangalawo ndi manja awiri, monga amapatsira munthu wamkulu.