Apa Upume

Zelifa anali asanamalize kutsuka mbale za pamaliro pamene anamva Rozaria akuyesa mawu kuseri kwa nkhokwe. Mtima unamuwawa. Mwana wa mkazi wachiwiri wa ku Nkhulambeyu, amene bambo ankamupalasira njinga Loweruka lililonse, lero akufunanso gulu?

Malemu Sitima, bambo awo a Zelifa ndi Rozaria, ankatsogolera gulu la oimba asanu ndi atatu, lopanda ng'oma ngakhale gitala, loimba nyimbo za Chilomwe zimene nkhalamba za ku Kaduya zinaiwala kalekale. Tsiku lometa, gululo linakhala pamphasa kuti lisankhe woyambitsa nyimbo watsopano.

"Amene akudziwa nyimbo imene makolo anaimba pochoka ku Mozambiki atitsogolere," anatero a Julius, oimba besi. "Ife imeneyo malemu anatimana."

"Anandiphunzitsa ine," anatero Zelifa msangamsanga.

"Inenso, achemwali," Rozaria anayankha chapansipansi.

"Iwe? Ndi Chilomwe chako cha pamsika wa Migowi chija?"

Zelifa anaimirira kuti aimbe. Nyimboyo anaiphunzira akusenda nandolo ndi bambo ake, ndipo pakutha pa mzere uliwonse mdalayo ankati, "Apa upume, usathamange." Zelifa ankangoti ndi befu wa ukalamba, koma ankamvera.

Anaimba mzere woyamba, napuma. Mpata womwewo Rozaria analowetsamo mawu ena, amene Zelifa anali asanawamvepo chibadwire. Zelifa anaimba wachiwiri, Rozaria analowanso.

"Ukundisokoneza dala!" Zelifa anakalipa.

"Ayi, achemwali." Rozaria anapukusa mutu. "Ine bambo ankandiuza kuti ndiziyamba ndadikira kaye, mzere uliwonse. Ndinkangodikira, osadziwa kuti ndikudikira ndani."

Kenako a Julius anaseka, uku akupukuta misozi ndi chipewa.

"Mdala wochenjera uja! Zaka zonsezi kupalasa njinga, theka la nyimbo kusiya kuno, theka kukasiya uko. Mmodzi amaitana, wina amavomera. Payekha palibe angaimalize."

Zelifa anamuyang'ana m'bale wakeyo nthawi yaitali. Nsanje sinathe, asanamizidwe munthu. Chinamupweteka kuti ngakhale nyimbo imene ankaiyesa yakeyake anagawana ndi wa ku Nkhulambe. Koma kuiimba yekha kunali kuimba mabowo okhaokha.

Anakhala pansi, nasendera pang'ono kuti Rozaria akwane pamphasa. Anayamba mzere wachitatu, ndipo atafika pothera anatseka pakamwa, nadikira.