Chimene Chinkadya Batire la a Makwinja

M'chaka cha 1996, galimoto ya a Hawkins Makwinja inayamba kukana kulira m'mawa. Akapotoza kiyi inkangoti kho kho, kenako zii. Mkazi wawo, Olive, ndi amene ankatuluka kukapempha anthu oyandikana nawo nyumba ku Bangwe kuti adzathandize kukankha, mpaka ena anayamba kulowa m'nyumba akamuona akubwera.

A Makwinja anali kalaliki pa kampani ina m'tauni mu Blantyre. Ankanyamuka atavala tayi, nkubwera madzulo ali wefuwefu. Batire linali latsopano, logula pa Khirisimasi, ndiye Olive sankamvetsa.

"Bambo a Thandie, kodi sanakugulitseni lakutha?" anafunsa tsiku lina.

"Mabatire a masiku ano ndi otero," anayankha iwo, maso ali kumbali.

Olive ankagulitsa kaunjika mumsika wa Bangwe. Chapafupi ndi benchi lake panali shedi ya a Abdula, amakaniko amene ankatchajanso mabatire, ndipo a Makwinja anali atasiyako lawo kangapo. Tsiku lina malonda atazizira, Olive anapita kukawafunsa.

"Batire lija lilibe vuto, mayi," anatero a Abdula akupukuta manja. "Madzi ake ndinayang'ana, ndi okwanira. Mitu yake inali ndi zoyera zija, ndinatsuka ndi madzi otentha ndi soda, nkupaka girizi. Mawaya ndinamanga. Galimoto nayo ikutchaja bwinobwino injini ikamalira."

"Nanga likufa ndi chiyani?"

"Batire limatha munthu akaiwala kuzimitsa magetsi, kapena akamamvera wailesi nthawi yaitali injini ili chozima. Limathanso galimoto ikamangoyenda timaulendo tifupitifupi, chifukwa silipeza mpata wodzaza. Koma munthu wopita m'tauni tsiku ndi tsiku kuchokera kuno..." Anasiyira pomwepo, nkuyamba kusakasaka sipanala imene inali poonekera.

Kuyambira tsikulo Olive anayamba kuyang'anitsitsa. Anaona kuti matayala ankabwera ndi dothi lofiira, pomwe msewu wa m'tauni ndi wa phula. Mpando wakutsogolo unkakhala wogonekedwa chammbuyo. Pansi pake pankapezeka makoko a mtedza, chonsecho amuna ake kunyumba mtedza ankaukana, ati umawatupitsa m'mimba. Akawafunsa za kuntchito ankayankha mawu amodzi, nkupempha madzi osamba.

Anauza Kristina, mnzake wogulitsa nsapato pa benchi loyandikana nalo.

"Mwamuna samvera wailesi yekha m'galimoto, asisi," anatero Kristina. "Ameneyo ali ndi mkazi womuswera mtedza. Ndisiyireni ine, ndifufuza."

Sabata isanathe Kristina anabwera ndi nkhani. Amayi otola nkhuni anamuuza kuti galimoto yoyera ngati ya a Makwinja imaima tsiku lonse pansi pa mitengo ya bulugamu, m'kanjira kopita kuphiri. Ankangomva nyimbo, koma m'kati sanayang'anemo.

M'mawa mwake Olive anawapangira tiyi amuna ake monga mwa nthawi zonse. Atanyamuka, iye sanapite kumsika. Anamanga chitenje, nkuyamba kukwera kuphiri wapansi. M'njira ankakonza mawu oti akamuuze mkaziyo, ndipo ankayesa kulingalira kuti angakhale ndani. Anaganizira namwino wina wa kutchalitchi kwawo, anaganiziranso mayi wa pagolosale amene ankakonda kuseka ndi a Makwinja.

Galimoto anaipeza. Wailesi inkamveka patali. Anaizembera chakumbuyo, nkutsegula chitseko mwamphamvu.

A Makwinja anali okha. Anali atavula nsapato, tayi ili m'khosi, nyuzipepala ataiyala pa chiwongolero. Anadzidzimuka, nkuzimitsa wailesi.

"Ali kuti?" anafunsa Olive.

"Ndani?"

Olive anasuzumira kumpando wakumbuyo, anayang'ana m'tchire mbali zonse, anatsegulanso ku buti. Munalibe munthu. Anabwerera nkuima pa chitseko.

"Mukutani kuno nthawi ya ntchito?"

A Makwinja anapinda nyuzipepala ija.

"Ntchito inatha mu Malichi, mayi a Thandie. Kampani anaigulitsa, ambiri anatichotsa. Masiku oyamba ndinkazungulira m'maofesi, koma mafuta anandivuta. Ndiye ndimabwera kuno. Ndimawerenga m'nyuzi, ndi kumvera pa wailesi ngati alengeze za ntchito."

"Miyezi yonseyi? Ine nkumakusitirani malaya?"

"Ndinkati ndikuuzeni ndikapeza ina."

"Nanga mtedza mumadya ndi ndani?"

"Ndekha. Ndiye nkhomaliro yanga."

Olive anawayang'ana kwa nthawi yaitali. Kolala ya malaya inali itayamba kuwakulira, ndipo iye anali asanazione zimenezo. Analowa m'galimoto nkukhala. Sanalire, sanakalipe. Anangoti apite kunyumba, akakambirane asanaweruke Thandie kusukulu.

Loweruka a Abdula anatchajanso batire, ndipo anachotsa wailesi m'galimoto chifukwa Olive anaumirira. Anawalangiza a Makwinja kuti aziyang'ana madzi kamodzi pa mwezi, ndipo ngati galimoto ikhale masiku osayenda, azichotsa waya umodzi pa batire. Olive analankhula ndi amayi anzake a mumsika, ndipo a Makwinja anayamba kuwatengera mabelo a kaunjika ku Limbe ndi ku Blantyre. Masiku oyamba ankanyamula atavala tayi, kenako anaisiya. Galimoto inayamba kulira yokha m'mawa.

Kristina sanakhutire. Ankati mkaziyo anangochita mwayi kuti tsikulo sanabwere.

Mawu amenewo anamukhala Olive mumtima. Lolemba lina anauza amuna ake kuti akupita kukaona wodwala ku Chilomoni, nkukwera minibasi ya m'tauni. Anatsikira pafupi ndi kampani ija, nkufunsa mlonda wa pageti ngati a Makwinja alipo.

"A Makwinja a ku ofesi? Anapita ndi gulu la mu Malichi," anatero mlondayo. "Inu ndinu ndani wawo?"

"Mlongo wawo," anayankha Olive.

Pobwerera anagula nyama ya ng'ombe mumsika wa Limbe. Madzulo a Makwinja atafunsa za wodwala uja, Olive anati akupezako bwino.