Tambula ya Nsenga

Odiel Vanhoutte sanali munthu wozolowera kukhala wachiwiri. Anayamba ndi lole imodzi yakutha, yochita kuikankha m'mawa uliwonse, koma popuma ntchito anasiya malole khumi ndi anayi atafola pabwalo. Anadya nsomba ku Lisbon, anazizidwa mpaka kuuma ndevu ku Poland, anakangana ndi apolisi a mayiko asanu ndi awiri. Kulikonseko ankalawa mowa n'kupukusa mutu. Wonsewo unali madzi ochapira poyerekeza ndi mowa wakuda, wolemera, umene amonke achikatolika amafulula kuseri kwa minda ya hopu, mbewu yowawitsa mowa, pafupi ndi kwawo ku Poperinge.

Atapuma ntchito analumbira kuti mowa umenewo adzaufulula yekha. Garaja anaisandutsa mofululira. Anagula miphika itatu yachitsulo yowala ngati kalilole, chimera cha barele mitundu isanu, ndipo shuga wakuda ankawotcha yekha. Anafulula zaka zisanu ndi zinayi. Anthu ankati mowa wa Odiel ndi wabwino, ndipo mawu amenewo ankamukwanira, mpaka pamene mlamu wake Firmin anayamba kufulula.

Firmin anali mlongo wake wa Godelieve, mkazi wa Odiel. Moyo wake wonse anautha akupalasa njinga kugawa makalata, ndipo kutali kumene anafikako ndi kunyanja ku Oostende. Ankafulula m'ndowa ya pulasitiki imene kale munkakhala mayonezi, yochita kupempha kwa mayi wokazinga tchipisi pamsika. Yisiti sankagula. Ankangotola nsenga zotsalira pansi pa mabotolo a amonke, n'kuzidyetsa madzi a chimera mpaka zitadzuka.

Lamulungu lina, banja lonse likudya nyama yophikidwa mu mowa, Firmin anatulutsa botolo la mowa wake m'thumba la jekete. Lieselot, mwana yekhayo wa Odiel, analawa n'kutuzula maso.

"Amalume! Uwutu ndi wa amonke weniweni! Mwaba, nenani zoona."

"Ndangoyeserako, mwana iwe," anatero Firmin akukanda dazi lake. "Ndowa ija ndinaiyiwala pafupi ndi mbaula, basi."

Foloko ya Odiel inaima m'malere. Zaka zisanu ndi zinayi, mwana wakeyo sananenepo mawu oti weniweni.

"Wa m'ndowa ya mayonezi?" anaseka mokweza kuposa muyeso. "Alamu, mukatipha ndi m'mimba inu."

Lieselot anali kukwatiwa mu Seputembala, ndipo pomwepo anagamula. Pa ukwati, pokweza matambula, pamafunika mowa umodzi, osati iwiri. Bambo afulule, amalume afulule, iye adzalawa osadziwa mwini wake, ndipo wopambanayo ndiye adzamwedwe.

"Ine ndine bambo ako," anatero Odiel. "Ndinakuyendetsa mpaka ku Roma uli pa mpando wa lole. Lero ndipikisane ndi wogawa makalata?"

"Mukuopa, ababa?"

"Ine? Bweretsani makalata onse a m'dziko muno!"

Anafulula ngati munthu wopita kunkhondo. Koma miyezi itatu yodikira kuti mowawo ukhwime inamudya. Patapita milungu itatu anatsegula botolo limodzi, napeza mowa ukali waukali, wowotcha pakhosi. Sanayerekezenso kulawa. M'malo mwake anayamba kuyenda wapansi kudutsa pakhomo pa Firmin, akuti kuwongola miyendo, mphuno ili m'mwamba kununkhiza.

"Mlongo wako wathira chiyani?" anafunsa mkazi wake.

"Kamufunseni nokha. Pakamwa muli napo, papakulunso."

"Ukumuikira kumbuyo."

"Ndikusenda mbatata, Odiel."

Tsiku lolawa linali Loweruka masana. Firmin anali atabweretseratu botolo lake dzulo lake, kuti ligone chiimire pa shelefu ya kukhitchini. Odiel anatulutsa lake m'chipinda chapansi anthu atakhala kale patebulo, chibotolo chachikulu cha chitsekerero chomanga ndi waya, nachipereka kwa Godelieve ngati akupereka mphatso kwa mfumu. Godelieve, amene mowa sankamwa, analowa nawo kukhitchini n'kutseka chitseko.

Anatuluka ndi matambula awiri a kamwa lalikulu. Mowa wa m'tambula yoyamba unali wopanda nsenga ukauyang'ana padzuwa, wofiirira mwakuda, thovu lili nganganga. Wa m'tambula yachiwiri unali wa mtambo, tinsenga tikusambira m'kati.

Odiel anamwetulira chamumtima. Aliyense ku Poperinge amadziwa kuti mowa wotere umathiridwa mofatsa, tambula itapendeka, ndipo pansi pa botolo pamasiyidwa chala chimodzi kuti nsenga zisatuluke. Mowa wake sunaonekepo wa mtambo. Koma wa Firmin? Munthu wolera nsenga ngati nkhuku! Tambula yachiwiriyo inali ndi dzina la Firmin pamphumi.

Lieselot analawa yoyamba. "Wabwino," anatero. Analawa yachiwiri, natseka maso.

"Mayo ine. Muli mphesa zouma umu. Muli buledi wongophula kumene. Ndipo akufunditsa pachifuwa pang'onopang'ono, osakuwa ayi."

Odiel analanda tambulayo n'kumwa. Mtima unagwa. Mowa unali wokoma zoopsa, wolemera, wofewa, wa amonke enieni kapena kuposa. Chinthu chimene anachisaka zaka zonsezi chinali pa lilime lake, chotuluka m'ndowa ya mayonezi. Anaona m'maganizo anthu mazana awiri ataimirira, matambula m'mwamba, akufuula dzina la Firmin pa ukwati wa mwana wake.

"Uwu?" anatero, akukwinya nkhope. "Uwu ukuti ndi mowa? Taona matope awa!"

"Alamu," anatero Firmin mofatsa, "paja tinagwirizana kuti ofululafe tikhala chete."

"Ndikhale chete mwana wanga akusankha thope? Lieselot, tamva. Ukutsekemera ngati phala la mwana. Wofulula anataya shuga ndi dzanja lolemera kuti abise zolakwa. Ndamwa mowa kuyambira ku Dublin mpaka ku Prague, ndikudziwa mowa wobisa manyazi. Azakhali a mwamuna wako akamwa uwu, mawa lake adzadzuka mitu ikung'ambika, n'kumati banja la Vanhoutte linatipatsa zotsukira miphika."

"Odiel," anatero Godelieve ali chiimire pakhomo la khitchini.

"Usandidule, mayi. Ndiyeno maonekedwe! Pa zithunzi za ukwati, diresi loyera, m'manja madzi a m'ngalande. Uzidzaziona zithunzi zimenezo mpaka kukalamba."

Lieselot anayang'ana tambula yachiwiriyo, nayang'ananso yoyamba. Analawanso yonse iwiri, koma tsopano ankalawa ndi makutu.

"Mwina n'zoona ukutsekemera kwambiri," anatero mokayika. "Ndipo zithunzizo... Chabwino. Ndatenga yoyamba. Ndagamula, sindisinthanso."

Odiel anamenya tebulo. "Ndiye mwana wanga ameneyo! Pepani alamu, kufulula si kugawa makalata."

Godelieve anapukuta manja pa epuloni. "Yoyambayo ndi ya Firmin."

Odiel anasuzumira m'matambula awiri aja.

"Wasokoneza mabotolo," anatero Odiel.

"Ndisokoneze bwanji? Lake ndi kabotolo, lanu ndi chimtsuko. Ndathira mofatsa monga mumandiphunzitsira tsiku ndi tsiku. La Firmin nsenga zinali zitagona pansi. Lanu zinali mbali yonse ya botolo, ndipo mwakwera nalo masitepe mukulivinitsa."

Apo ndi pamene Odiel anakumbukira. Mabotolo akuluakuluwo anawagoneka chammbali pa mashelefu, monga anaonera akuluakulu a vinyo akuchitira ku France, kuti aoneke apamwamba.

Firmin anatenga tambula ya mtamboyo, nalawa, nagwedeza mutu. "Alamu, uwu ndi mowa. Wanga sukufikapo olo pang'ono. Lieselot, tenga wa bambo ako, ine sindidandaula."

Akanamutukwana zikanakhala bwino. Kupatsidwa ukwati wa mwana wake ngati chithandizo, kuchokera m'manja mwa Firmin, Odiel sakanatha kumeza.

"Mwana wagamula," anatero mouma. "Ine sindilandira zotsala."

"Ababa, komatu ine ndinakonda..."

"Wati susintha. Nkhani yatha."

Pa tsiku la ukwati, Firmin anapeza Odiel pafupi ndi matebulo, atavala suti yothina m'khosi.

"Alamu, manja angawa akunjenjemera. Tandithandizani kuthira. M'tauni muno palibe wothira ngati inu."

Odiel anavula jekete. Anathira matambula mazana awiri, iliyonse yopendeka bwino, iliyonse yopanda nsenga, thovu lofanana ngati loyeza ndi rula. Anthu anaimirira, anamwa, ndipo bambo a mkwati wamwamuna anafuula kuti wofulula mowawu abwere kutsogolo. Holo yonse inayamba kuimba dzina la Firmin, mapazi akugunda pansi.

Odiel anadzithirira tambula yake, namwa mowawo kamodzi, naugwira pa lilime.

"Wabwino," anauza mkazi wake. "Koma wanga unaposa."

"Tonse tikudziwa," anatero Godelieve, akuomba m'manja limodzi ndi anthu.