Nkhosa Zisanu Zokha

A Idwal anayesa kuimba likhweru, koma panangotuluka mpweya. Chifuwa chinali chitawatha kalekale.

Pangano lawo ndi Menna, mwana wawo, linali losabisa: akalephera kulowetsa nkhosa zisanu m'khola pa mpikisano wa agaluwu, nkhosa zonse za kuphiri zichoke, iwo akakhale kwa Menna kutauni.

"Idwal, wabwera ndi galu kapena wailesi?" anafunsa a Gwilym, mnzawo wa paubwana. Galu wa a Gwilym wa mpikisano anali atagona phee, maso ali pa nkhosa.

Nel, galu wa a Idwal, ndiye ankauwa ndithu. Anali wa mtundu wakale wa kuno ku Wales, woyenda mutu uli m'mwamba, wozolowera kugwira ntchito kuseri kwa phiri kumene mbuyake samuona.

Nkhosa zisanu zija anazibweretsa bwinobwino mpaka pamapazi pa a Idwal. Kenako anatukula mutu. Kumtunda, kuseri kwa mpanda, nkhosa mazana awiri zinkadikira agalu ena. Nanga Nel n'kusiya nkhosa m'mbuyo? Analumpha mpanda.

"Nel, bwerera," anatero a Idwal, koma mawuwo sanafike n'komwe pachipata.

Posakhalitsa gulu lonse linagwetsa chipatacho n'kudzaza bwalo, Nel ali pambuyo, palibe ndi imodzi yomwe yotsala. Woweruza anapinda pepala lake. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Idwal analibe ndi mphamvu yochitira manyazi. Anali atangotopa basi.

Menna anawapeza atatsamira khola. "Bambo, ndaona ndi maso anga. Galuyu safuna likhweru. Za pangano zija mwina tingozisiya."

"Galuyo akutha, mwanawe. Wosatha ndine. Lachiwiri anazitsitsa yekha nkhosa zonse kuphiri, ine ndili chikhalire pamwala, mpweya utandithera. Sindinakuuze."

A Gwilym anafika chipewa chili m'manja, nthabwala zitawathera. "Wangayu kuphiri ndi mlendo, Idwal. Akapanda kumva likhweru amangoima ngati chitsa."

A Idwal anayang'ana Nel nthawi yaitali, kenako anapereka chingwe cha galuyo kwa a Gwilym.

"Usakamuphunzitse kukhala chete," anatero a Idwal.

Atafika pagalimoto, a Idwal anatsegula chitseko chakumbuyo monga mwa masiku onse, n'kuima pambali kudikira kuti Nel akwere. Patapita kanthawi, anachitseka okha.