Ana Sakwera Lole

1.
Lachitatu m'mawa. Lole yaima pabwalo la mpira la sukulu, injini ikulirabe. Atsikamo Bambo Chafukira, tcheyamani wa chipani kwathu kuno.
Aphunzitsi aakulu, tipatseni ana. Abwana ali ndi msonkhano pamsika, akufunika owavinira.
Mayi Nangozo aima pakhomo la ofesi, choko m'manja.
Ana sakwera lole, a tcheyamani. Lero ndi tsiku la sukulu.

2.
Zomwe abwana alonjeza ana akavina:
malata a kalasi yomwe inasasuka denga
mjigo
madesiki
mipira.
Chisankho chapitacho analonjezanso zomwezi. Inabwera mipira.

3.
Ife a Sitandade 8 tinkasuzumira pawindo, ena tikufuna kupita chifukwa kumsonkhano kumakhala mabisiketi ndi nyimbo, ena tikukumbukira ulendo wapitawo pomwe tinaima padzuwa mpaka Edina anakomoka ndipo abwana anafika madzulo nkuyankhula pang'ono osatiyang'ana nkomwe, lole yobwerera inatisiya, tinayenda wapansi, ndiye pano mayeso ali pafupi, masamu pabolodi ali theka, aphunzitsi athu agwira dasitala osadziwa kuti afufute kapena apitirize

4.
Musandichititse manyazi, atero a tcheyamani motsitsa mawu. Ndawalonjeza kale abwana.
Munalonjeza ana a eni?
Mukudziwa zomwe zichitike. Akusamutsani.
Andisamutse.
Mayi, ganizani bwino.
Ndaganiza kale. Ana sakwera lole.

5.
Makolo anabwera atamva phokoso. Mayi ake a Edina ndiwo anayamba kukalipa.
Mvula ili pafupi, aphunzitsi! Mukukana malata? Ana athu azinyowa chifukwa cha makani anu?
Denga ndikulifuna kuposa inu, anayankha Mayi Nangozo. Koma mwana wanu munamutuma kudzawerenga. Amene akufuna kuti wake akavine, alowe amutenge yekha. Ine sindipereka wa munthu.

Palibe analowa.
Mkulu wina anakanda kumutu. Udzu kudambo ulipo, iye anatero. Loweruka tikamwete, tifolere.

6.
Lole inabwerera yopanda kanthu. Pabolodi masamu anapitirira.
Sipanathe mwezi, uthenga unabwera: Mayi Nangozo asamukire kusukulu ya kuphiri, komwe galimoto siifika m'dzinja.
Malata sanabwere. Denga laudzu linadontha pakona imodzi. Tinasendeza benchi.

7.
Ine ndine Nangozo. Anthu amati ndinakaniza chipani, ena amati ndinakaniza abwana. Abwanawo sindinawaonepo nkhope. Amene ndinawakaniza pamaso pa sukulu yonse ndi bambo a ana anga. M'mawa wa tsikulo a Chafukira ndinawasitira ndekha malaya. Madzulo ake anadya osandiyankhula, ndipo katundu wanga atamangidwa anati iwo kwawo sachoka, mkazi wonyoza mwamuna pagulu apite yekha.
Ndinapita ndekha.
Musaganize kuti sizipweteka. Ndikamva njinga panja ndimadzukabe kukaona ngati ndi iwo.
Sabata yatha anandiimbira foni.
Amake Tiyesi, mukapepese kwa abwana, mubwerere kunyumba.
Kunyumba ndikufuna, bambo. Kupepesa ayi.
Anapumira m'mwamba. Nanga kumeneko njira yake ndi iti?
Ndinawauza. Ndi yoterera, ndinatero. Mubwere ndi nsapato zolimba.