Makilo Asanu ndi Awiri

Padenga la nyumba ina yosanja, pamene pankatera magalimoto ouluka, panali bambo mmodzi amene ngakhale mabwana ankawaopa. Sikuti anali chimphona, ayi. Anali bambo woonda, wa makilo 55 okha, ndipo aliyense ankangowatchula kuti a Sikelo, poti ntchito yawo inali yoyeza anthu asanakwere.

Chiyambire pamene anthu opeza bwino anasiya misewu n'kuyamba kuyenda m'mwamba, lamulo linali lakuti galimoto isanyamuke mpaka woyeza atalemba kulemera kwa okwera n'kudinda chala chake pa kabokosi. Magalimotowo anthu ankawatcha atombolombo. Analibe dalaivala, munthu ankangonena kumene akupita basi. Ambiri anali a mipando iwiri, ndipo pachitseko panalembedwa kuti makilo 150. Nambala imeneyi a Sikelo ankailemekeza kuposa apongozi. Zaka zisanu ndi chimodzi sanalolepo ngakhale theka la kilo. Anatsitsapo chikwama cha loya. Anavulitsapo mwini nyumbayo jekete ndi nsapato, dzuwa likuswa mtengo, antchito ake akuonerera. Ena ankati ndi munthu wokhulupirika, ena ankati ndi wouma mutu, ndipo onsewo sankanama.

Akazi awo ankagwira ntchito m'nyumba yomweyo, yokolopa ndi kupukuta magalasi. Anali mayi wathupi, woseka mokweza. Alonda ankakonda kuwagemula awiriwa.

"A Sikelo, kodi kunyumba mbale mumagawana bwanji?"

"Asiyeni bambo a mwana," mayiwo ankayankha. "Amaopa kuti akanenepa adzadziletsa okha kukwera."

A Sikelo sankaseka pantchito, koma mumtima ankanyadira. Mkazi ameneyo ankamukonda kwambiri, kungoti pakamwa pawo panali polemera kunena zotere.

Tsiku limenelo, nthawi itayandikira nkhomaliro, mayiwo ankapukuta chitseko chagalasi chotulukira padenga. Chitsekocho chinali ndi mng'alu kuyambira kalekale, ndipo a ku ofesi ankangoti tiona. Tombolombo wina akutera, mphepo ya mapiko ake inakankha chitsekocho n'kuchimenyetsa kukhoma. Galasi linaphwanyika. A Sikelo atatembenuka anaona akazi awo atakhala pansi, atagwira pamwamba pa ntchafu, akuoneka odabwa chabe. Magazi ankathovoka pakati pa zala zawo ngati paipi yobooka.

Mlonda anathamangira kukaitana namwino wa m'kachipinda ka chithandizo, pansi pa masitepe. Namwinoyo atafika sanataye nthawi ndi mafunso. Anagwada, n'kulowetsa zala ziwiri m'balamo, kufufuza, kenaka kudina ndi mphamvu. Magazi anachepa pomwepo.

"Ndaupeza mtsempha," anatero. "Koma bala lili pamwamba kwambiri, lamba sangamange. Ndiyenera kugwira chonchi mpaka kuchipatala."

Ambulansi youluka inali imodzi tauni yonse, ndipo inali itapita kwina. Yapansi anati ifika pakatha ola ndi theka. Misewu inali maenje okhaokha, ndipo mlatho wopita kuchipatala unagwa dzinja la chaka chatha. Ndani akanaukonza? Onse amene mawu awo amamveka anali atasiya kuwoloka milatho.

Mwini tombolombo amene anali atangotera uja anali mayi wina, dokotala wa mano. Iye anaona zimene mphepo ya galimoto yake inachita.

"Tengani yangayi," anatero. "Kuchipatala ndi mphindi khumi ndi imodzi. Fulumirani!"

Alonda awiri ananyamula wovulalayo, namwino akuyenda chowerama pambali, zala zili m'bala. Koma kuti munthu afike pachitseko cha galimoto ankadutsa pachitsulo chachikulu cha sikelo. Alonda anawatsitsa pamenepo kuti atsekule chitseko, ndipo maso a a Sikelo, mwa chizolowezi, anapita pa nambala. Mayiwo pamodzi ndi namwino, inali 160.

"Chotsani nsapato," anatero a Sikelo ndi mawu ouma.

Mlonda anamuvula namwino nsapato, anachotsa kachikwama kake ka m'chiuno, anadula epuloni ya mayiwo imene inali italemera ndi magazi. Sikelo inati 157. Panalibenso china chochotsa.

"Lembani 149, bambo," anatero dokotala wa mano. "Galimoto ndi yanga, mlandu ndi wanga."

"Makilo asanu ndi awiri n'chiyani?" mlonda anakuwa. "Nkhuku zitatu! A Sikelo, awa ndi akazi anu!"

Kuti ndi akazi awo ankadziwa, ndipo n'chimene chinawagwiritsa njakata. M'maso mwawo ankaona tombolomboyo akukwera, akutsetsereka chammbali, n'kukagwa pakati pa nyumba za anthu ndi akazi awo momwemo, pamodzi ndi namwino wa eni ake.  Zaka zonsezo sanafunsepo kuti 150 inachokera kuti. Ankangodziwa kuti kuseri kwa nambalayo kuli imfa.

Mutu wawo unayamba kuwerengera wokha. Akazi awo anali 88, namwino 69. Iwo anali 55. Kuphatikiza iwo ndi akazi awo, inali 143. Nambala itakwana, mtima wawo unakhala pansi, ndipo chimenechi n'chomvetsa chisoni kwambiri pa nkhani yonseyi.

"Ndipita ndine," anatero.

Namwino anawayang'ana. "Bambo, munagwirapo mtsempha chibadwire? Ndikachotsa chala apa, mwina simuupezanso."

"Mundionetsa."

"Mverani anamwino, bambo a mwana," mayiwo analankhula chapansipansi. Milomo yawo inali itayamba kutuwa.

"Mukagwa nonse awiri ndidzati chiyani? Sindidinda."

Popanda chala chawo galimoto sikananyamuka, ndipo namwino anaona kuti mawu aliwonse otsutsana ndi magazi otayika. Anatukwana chamumtima. A Sikelo analemba 143, anadinda, n'kulowa. Atawakhazika mayiwo, namwino anagwira dzanja la bamboyo n'kulitsogolera m'balamo, pamwamba pa zala zake.

"Mukumva kugunda? Dinani pomwepo ndi thupi lonse. Dzanja lichite dzanzi, lichite chiyani, musasiye."

Anasolola zala zake, chitseko chinatsekeka, tombolombo ananyamuka.

Aka kanali koyamba a Sikelo kuuluka, koma kunja sanayang'aneko. Maso anali pa dzanja. Mphindi zitatu zoyamba zinayenda bwino. Kenaka galimoto inapendekeka pokhota, iwo anatsetsereka pampando, ndipo zala zinaterereka pang'ono chabe. Anamva kufunda kukukwera m'mkono. Anadina apa, anadina apo, anayesa ndi chibakera. M'balamo monse munali moterera mofanana, ndipo kugunda kuja sanakupezenso. Mawu a makina, onga a mkazi, ofatsa bwino, anatuluka m'galimotomo kunena kuti kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, akhale momasuka.

"Ndikumva kuzizira," anatero akazi awo.

"Tafika kale, amake mwana. Limbani mtima."

"Ndasiya ndowa pakhomo paja. Wina apunthwa."

"Ndikachotsa."

Anaitana dzina lawo, lija sankalitchula pa anthu, kawiri, katatu. Mayiwo anatsekula maso kamodzi kokha.

Padenga la chipatala anawalandira mothamanga ndi machira. A Sikelo anawatsatira mpaka pachitseko chimene anawaletsa kulowa. Sanadikire nthawi yaitali. Dokotala anatuluka akuvula magulovu.

"Pepani bambo. Magazi anathera m'njira. Tayesetsa."

Sanalire. Miyendo inawatenga kubwerera padenga, poti m'chipatala monsemo ndi njira yokhayo imene ankaidziwa. Woyeza wa pamenepo, bambo wansangala wovala yunifomu yofanana ndi yawo, anawapatsa mpando ndi botolo la madzi kuti asambe m'manja. Anali atamva kuti mayi uja watisiya, ndipo anapepesa mwaulemu. Zina zonse sankazidziwa.

Ali chikhalire, kunabwera azibambo awiri a mimba zawo, wina atanyamula chikwama. Anadutsa pachitsulo akucheza, kulunjika kwa tombolombo wa mipando iwiri, wofanana ndendende ndi uja. Sikelo inati 184. Woyezayo analemba 148, n'kudinda. Galimoto inanyamuka mosatekeseka, inakhota bwinobwino, n'kumapita.

A Sikelo anaimirira, madzi akudontha m'zala.

"Achimwene, mwalemba chiyani pamenepa?"

Mnzawoyo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu monga amachitira anthu a ntchito imodzi.

"Aa, musadandaule. Zimenezi zimanyamula mpaka 200 osamva kanthu, amakaniko onse amadziwa. Ija 150 opanga anangolemba podziteteza." Anaseka pang'ono, kenaka anawayang'anitsitsa. "Bwanji, kwanuko mumawerengeradi?"



"Eya," anatero a Sikelo. "Timawerengera."