Kansalu Kofiira pa Khola la Khutu

Kumalo osungirako agalu osowa eni lamulo linali limodzi: galu akatha masiku khumi ndi anayi popanda womutenga, pakhola pake ankamangapo kansalu kofiira. Lachisanu masana adokotala ankabwera ndi jakisoni. Makadi olembapo masiku a agalu analibe nawo nthawi, iwo ankangotsata nsalu.

Womanga nsaluzo anali mayi wina amene anzake anamutcha Nachifundo, poti galu aliyense ankamuyankhula ngati mwana wobala yekha. Munthu amene mayiyu ankanyansidwa naye anali abutchala a kophera ng'ombe, omwe Loweruka lililonse ankabweretsa ndowa ya mafupa.

"Ikani apo, musandikhudze ndi manja amagaziwo," ankatero. "Ife kuno sitipha, timagoneka."

"Kugoneka eti? Nanga amadzuka liti, mayi?" abutchala ankafunsa akuseka.

Ndiye kunali Khutu, galu wokalamba wa khutu limodzi, wonunkha mkamwa, woti ngakhale waulere palibe akanamutenga. Koma Nachifundo anamukonda, basi. Kunyumba yake ya lendi agalu sankaloledwa. Masiku a Khutu atakwana, anamanga kansalu m'mawa, masana nkukamasula, nkukamanga pakhola loyandikana nalo. Adokotala anabaya wa m'menemo. Sabata yachiwiri chimodzimodzi, ndipo mtima sunagundenso ngati poyamba. Sabata yachitatu nsalu inagwera kagalu kofiirira, koyera pachifuwa, kamene kanali katangogona masiku awiri. Nachifundo ndi amene anakagwira mwendo, akukasisita pamutu.

Mawa lake abutchala anafika ndi ndowa yawo, koma osaseka. Anatulutsa foni nkuonetsa chithunzi cha kagalu kofiirira kaja.

"Ka mwana wanga wamkazi aka. Kanadula chingwe Lachitatu, ndiye anthu akuti galimoto yanu inakatola. Mwanayo sakudya."

Adokotala, amene anabwera kudzatemera tiana ta agalu, anaona chithunzicho, anatenga makadi nkuyamba kuwerenga, koyamba m'chaka chonsecho. Anafika pa khadi la kagaluko, kenako pa la Khutu. Anawerenganso. Kenako anamufunsa Nachifundo, iye nkuulula zosintha nsalu zija.

Abutchala anamva zonse ali chiimire. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ine ng'ombe imene yafika pamzere ndi yomweyo," anatero. "Ndimaiyang'ana kumaso, mpeni ndimanola kuti isavutike, ndipo anthu amadya. Sindinayambe ndasinthanitsapo kuti iyi ndaikonda. Wanga uja wadyedwa ndi ndani?"

"Ali m'dzenje kuseriku," adokotala anayankha motsitsa.

Nachifundo anagwada pasimenti yonyowa. Manyazi anali atamuthera.

"Bambo, ndalakwa. Tengani Khutu m'malo mwake. Ndi wofatsa, mwana wanu adzamuzolowera. Mukamusiya, Lachisanu afa."

Abutchala anasuzumira m'khola. Khutu anawagwedezera mchira, akununkhiza magazi pa buluku lawo. Anasankha fupa lalikulu, lamafuta, nkumuponyera.

"Adye, wadyera anzake atatu kale. Koma kwanga ayi. Mwana wanga ndikamuuza zoona."

Ananyamula ndowa nkutuluka. Adokotala anatsegula kabati, anatenga kansalu kofiira nkumupatsira Nachifundo m'manja.

"Mangani nokha, mfundo ziwiri. Ndipo Lachisanu musadwale, mayi. Galu ameneyu salola wina kumugwira mwendo."

Nachifundo anamanga. Khutu anasiya fupa lija, anabwera pawaya nkuyamba kumunyambita zala.